Mawu a Apongozi Anali pa Fulashi Yofiira

Pa msewu wotsikira ku depoti ya mabasi pali mzere wa timashopu togawana khonde limodzi. Koyambirira kuli wosoka nsapato, pakati wokonza mafoni, ndipo kumapeto kuli kachipinda kopapatiza koti munthu akatambasula manja amakhudza makoma onse awiri. M'menemo ndi momwe amagwira ntchito mayi amene msewu wonse umamutchula kuti Mayi Fulashi.

Katundu wa m'kachipindamo ndi wochepa. Muli tebulo, kompyuta yakale yomwe fani yake imalira ngati ikudandaula, makina a fotokope ofuna kuwamenya pambali kuti adzuke, ndi benchi ya makasitomala. Pansi pa tebulo pali katoni yomwe mwana wake wamkazi ankagonamo ali khanda. Pano mwanayo wakula, katoniyo ikusunga zingwe ndi machaja.

Sukulu sanapite nayo patali. M'shopumo analowamo ngati wosesa ndi wolandira anthu, koma mwini wake akamadinadina, iye maso amakhala pa zala. Mwini shopu atapeza ntchito kwina anamusiyira makiyi, ndipo pang'ono ndi pang'ono zonse zinasanduka zake.

Ambiri obwera kwa iye amabwera ndi dandaulo limodzi, loti foni ikuti malo atha. Iye amasamutsa zithunzi ndi mavidiyo kuziika pa fulashi, foni n'kupuma. Ena amafuna nyimbo za m'galimoto, ena mafilimu. Iye amayamba wamufunsa aliyense funso lomwelomwelo:

"Mukailowetsa pati fulashiyi?"

Munthu akadabwa, amamufotokozera kuti fulashi ili ngati chipinda chomwe uyenera kukhomamo mashelefu usanalowetse katundu, ndipo mashelefuwo ali mitundumitundu. Pali FAT32, akalekale, omwe wailesi ya m'galimoto ndi TV yakale zimawadziwa bwino, koma salandira fayilo imodzi yoposa magiga anayi. Pali exFAT, olandira chinthu chachikulu chilichonse, koma TV zakale zikawaona zimangoyang'ana kumbali. Kusintha mashelefu ndiye kufomata, ndipo kufomata kumataya katundu yense amene ali m'katimo.

N'chifukwa chake anali ndi lamulo lake. Chilichonse chochoka m'foni ya munthu ankachikoperanso pa hadi yakuda, kabokosi kosungira mafayilo, yomwe imakhala pambali pa kompyuta. "Chinthu chikakhala pamalo amodzi ndiye kuti simunachisunge, mwangochiika," ankawauza choncho makasitomala. Anthu otaya mafulashi awo mu basi ankabwerera akulira n'kutuluka akuseka. Lamuloli ndi lomwe linamupatsa dzina pa msewuwo.

Mwamuna wake amayendetsa galimoto ya buledi. Amayi ake a mwamunayo, apongozi a Mayi Fulashi, anagwira ntchito yochapa zovala pa chipatala mpaka kukalamba, ndipo mawu awo anazolowera kupikisana ndi makina. Akapereka moni pa geti, wa nyumba yachitatu ankayankha. Akakwiya, ana awo akuluakulu omwewo ankasowa kolowera. Chaka chatha anagwa m'bafa ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka, ndipo mawu anapita onse. Amamva, amazindikira aliyense, koma akatsegula pakamwa pamatuluka mpweya wokha. Amakhala ndi mwana wawo wamkazi, yemwe ali ndi saluni kuseri kwa msika, mlamu wake wa Mayi Fulashi.

Matendawo asanabwere, mlamuyo anabweretsa foni yake yodzadza. Munali zithunzi za mitu ya makasitomala, ndi mavidiyo ambirimbiri a amayi ake, chifukwa ankakonda kuwajambula akamakalipa kuti azikawaseka nawo pambuyo. Munalinso vidiyo yaitali ya tsiku lomwe anapuma ntchito, pomwe anapatsidwa mpata wothokoza iwo n'kuthokoza, kudzudzula mabwana, kuimba, mpaka anthu kuwalanda maikolofoni. Vidiyo imeneyo inali yaikulu, choncho Mayi Fulashi anaifomata fulashi yofiira ya mlamu wake kukhala exFAT, n'kusamutsira zonse m'menemo. Zonsezo anazikoperanso pa hadi monga mwa lamulo, mu foda yolembedwa kuti ALAMU. Foni ija pambuyo pake inagulitsidwa.

Loweruka lina m'mawa, benchi itadzadza ndi ana a sukulu ofuna fotokope, mlamu uja analowa atanyamula fulashi yofiira.

"Alamu, kachinthu kanu aka TV yathu ikukakana. Mwina kafuna mwini wake."

"TV yanuyo ndi yakale ngati achimwene anu. Mukufuna muonerepo chiyani?"

"Adokotala a mafizo akuti amayi azimva mawu awo omwe. Akuti nthawi zina ubongo umakumbuka njira. Ine sindikudziwa, koma tiyesa. Muikemonso masewero aja amakonda ndi nyimbo za kwaya, amangokhala tsiku lonse kuyang'ana khoma."

"Musadandaule. Madzulo mudzaitenge."

"Ulere, eti? Si paja ndinakupatsani mchimwene wanga ulere?"

"Ulere wake uti, amadya ngati awiri."

Mlamu anatuluka akuseka. Mayi Fulashi anailowetsa fulashi ija. Vuto anali atalidziwa kale: TV imafuna FAT32. Ankaganiza zoti aifomata, vidiyo yaitali ija aidula zigawo, zonse azitenga pa hadi. Kabokosi kochenjeza kanatuluka pa sikirini, kaja kamati zonse zifufutika. Kabokosi kameneka amakaona kangapo pa tsiku, ndipo anasiya kalekale kukawerenga. Anadina. Popeza mafilimu amachedwa kulowa, anayamba ndi iwo, nawasiya akulowa iye n'kutembenukira ku makina a fotokope.

Benchi itapepuka masana, anatsegula hadi kuti atenge foda ya ALAMU. Sanaione. Anatsika nayo mpaka pansi, n'kukweranso. Analemba dzinalo pofufuzira. Kompyuta inazungulira, inazungulira, n'kunena kuti palibe.

Apo m'pamene anakumbukira. Miyezi yambiri m'mbuyomo hadi inadzadza, tsiku lomwe bambo wina anabwera ndi mafilimu atsopano a zigawozigawo omwe aliyense ankawafunsa. Pamafunika malo. Mafoda a makasitomala sanawakhudze, chifukwa kasitomala amabwerera ndi mkwiyo. Anayang'ana foda ya ALAMU n'kunena mumtima kuti awa ndi apabanja, fulashi yawo ili kunyumba, ndidzakopanso tsiku lina. Anaifufuta. Nthawi imeneyo apongozi anali akulankhulabe, ndipo mawu awo anali chinthu choti aliyense ankachithawa, osati kuchisunga. Tsiku lina lija silinafike.

Anayang'ana fulashi yofiira. Inali itadzadza kale ndi masewero ndi kwaya.

Anaizula n'kuthamangira khomo lachiwiri, kwa wokonza mafoni, yemwe anali atawerama pa foni yotsegula m'mimba.

"Achimwene, pulogalamu yanu yobweza zofufutika ija muli nayo?"

"Lero sing'anga wadwala? Mwatani, Mayi Fulashi?"

"Ndafomata."

"Kufomata kokha si imfa. Bola simunaikemo kanthu."

Mayi Fulashi anayang'ana kumbali. Wamafoni anavula magalasi ake n'kumuyang'ana.

"Mwaikamo zochuluka bwanji?"

"Yadzadza."

"Inuyo? Inu amene mumatilalikira tsiku ndi tsiku?"

Anayesabe. Pulogalamu inayenda mpaka dzuwa kupendeka. Zomwe inabweza zinali zithunzi zochepa za mitu yolukidwa, zina theka lake lili lotuwa, ndi mafayilo a vidiyo okana kutseguka. Zatsopano zinali zitagona pamwamba pa zakale.

"Ndi ya ndani?" anafunsa wamafoni.

"Ya alamu anga. Munali mawu a apongozi."

Wamafoni anaimba kakhweru pang'ono. "Nenani kuti vayirasi. Kapena kuti fulashi inali yabodza. Ndani angatsutse? Ife tonse pano timadya chifukwa cha vayirasi."

Madzulo mlamu atabwera, Mayi Fulashi sananene za vayirasi. Ananena chinthu chomwe ankachiona ngati si bodza lenileni. Anati zakale zija sizikutseguka, aziyesabe. Anamupatsa mafilimu pa fulashi ina.

Mlamu anakhala pa benchi pang'onopang'ono. "Ndadziwa. Ndi ine. Ndinkaisunga m'dirowa ya ku saluni, momwe muli mankhwala a tsitsi. Botolo lina linatayikira m'menemo." Anagwira kukamwa. "Munandiuza kuti ndiziisamala. Ine ndi mutu wangawu."

"Mwina si zimenezo, alamu."

"Musanditonthoze. Ndi ine."

Mawu anafika pa lilime la Mayi Fulashi, koma panalowa munthu wofuna fotokope ya chiphaso, ndipo iye anatembenukira ku makina mothokoza.

Sabata imeneyo inali yaitali. Munthu akabwera ndi foni yodzadza, ankagwira ntchito yake mwakachetechete, osalalikira za malo awiri. Lachitatu anapita kukawasambitsa apongozi monga amachitira, ndipo powapukuta kumsana anayamikira kuti sakuyang'anizana nawo. Mlamu wake anali atataya mabotolo onse a m'dirowa ija, odzadza omwe. Maso ake anali otupa, ndipo nthabwala za mchimwene wake zinali zitatha.

Lachisanu m'mawa, mwamuna wake akumanga zingwe za nsapato, Mayi Fulashi anamuuza zonse ataima pakhomo la kuchipinda. Bamboyo anamaliza nsapato imodzi, n'kuyamba inayo.

"Ndiye mlongo wanga akulira sabata yonse chifukwa cha botolo losalakwa?"

"Eya."

"Za makasitomala unasunga."

"Ndinasunga."

"Za amayi anga n'zimene zinachepa mtengo."

Sanakweze mawu, ndipo bola akanakweza. Anatenga makiyi a galimoto. Ali pakhomo anati, "Ine sindikamuuza. Pakamwa uli napo."

Mayi Fulashi anapita ku saluni asanatsegule shopu. Anapeza mlamu wake akuluka mayi wina, chipeso chili m'kamwa, ulusi wa tsitsi uli paphewa.

"Alamu, ndimafuna tilankhule panja."

"Nenani pompano, awa ndi ogontha akakhala pa mpando."

"Ndikumva bwinobwino," anatero kasitomala.

Mayi Fulashi ananena pomwepo. Anati si mankhwala. Anati anafomata yekha asanayang'ane, ndipo zomwe anakopera pa hadi anazifufuta kale kuti aikepo mafilimu. Manja a mlamu sanaime. Anapitiriza kuluka, koma anakoka mwamphamvu mpaka kasitomala anadzuma.

"Mafilimu ake ati?"

"A zigawozigawo aja."

"Anali okoma?"

Mayi Fulashi anayang'ana pansi, pomwe panali tsitsi lodulidwa.

"Mwandisiya ndikudzitukwana, inu mukudziwa. Lachitatu munadya m'nyumba mwanga." Anachotsa chipeso m'kamwa. "Pepani wanuyo musanditulutsire, ndilibe poika. Amayi ndinawauza kale kuti adzadzimva Lamulungu. Anagwedeza mutu. Ndiye inu, a katswiri, mukawapeze mawuwo komwe mungawapeze."

Tsiku limenelo shopu sinatsegulidwe. Mayi Fulashi anayamba ndi kulondola mwamuna wake kuti aone m'foni mwake, koma munalibe kanthu. Iye uthenga wa mawu wa amayi ake ankati akaumva theka n'kuufufuta, poti onse anali omukalipira. Anapita kochapira zovala ku chipatala, komwe anzawo a apongozi anamulandira bwino n'kufufuza m'mafoni awo. Mmodzi anapeza kavidiyo ka tsiku lopuma ntchito lija. Apongozi ankaoneka patali, pakamwa pakuyenda, dzanja likuloza mabwana, koma chomveka chinali kuseka kwa wojambulayo basi.

Anatsala amayi aang'ono, mng'ono wawo wa apongozi, omwe amasoka makatani kunyumba kwawo. Anawapeza atakhala pa makina, mapini ali pa kolala. Foni yawo inali yosweka galasi, yomangidwa ndi labala.

"Ine kufufuta sindidziwa, mwana wanga. Zonse zimangokhala m'menemo mpaka foni imatentha." Anaitulutsa m'thumba, koma sanaipereke msanga. "Koma muli zina za ife akuluakulu. Achemwali anga aja pakamwa panalibe chitseko."

"Ndingotenga mawu okha, amayi."

"Mawuwo ndi amene ndikunena." Anamuyang'ana kanthawi, kenako anamupatsa. "Ubweze mawa. Ndipo usandide."

Loweruka masana anatseka chitseko cha shopu theka, n'kulumikiza foniyo ku kompyuta. Mauthenga a apongozi analipo ndithu. Anavala mahedifoni. Mawu oyamba atatuluka anadzidzimuka n'kutsitsa voliyumu, ngati kuti mwini wake walowa m'chipindamo. Ambiri anali afupiafupi. "Wafika?" "Iwe, tandiimbira, ndilibe mayunitsi." "Ndati ya buluu, osati yobiriwira." Kenako panali umodzi wautali.

"Iwe, ndangochoka kwa mwana wanga uku. Mkazi wake uja, ayi ndithu. Si woipa, usandimve molakwa, koma phuma. Manja amathamanga, mutu n'kumabwera pambuyo ngati wachedwa basi. Wandichapira bulawuzi yanga yoyera pamodzi ndi masokosi ofiira a mwana. Ine wochapa zaka zonsezi, lero ndivale pinki. Ndamufunsa, unayang'ana? Akuti ndimaganiza kuti. Ndimaganiza kuti! Tsiku lina adzataya chinthu chachikulu ameneyu, ine ndili pano." Apa anaseka, kuseka kwawo kuja kothera m'chifuwa, n'kutsokomola. Kenako anayamba za beseni lomwe mng'ono wawoyo anabwereka osabweza, n'kuimba mzere umodzi wa nyimbo ya kwaya, n'kufunsa ngati foni ikujambulabe.

Mayi Fulashi anavula mahedifoni. Panja wosoka nsapato ankakhoma msomali. Za bulawuzi ankazikumbuka. Apongozi tsiku limenelo anangoti palibe kanthu, n'kuivala yapinki yomweyo.

Anaika kamuvi ka pa sikirini pa fayiloyo. Akanatha kuisiya m'foni momwemo n'kutenga zifupizifupi zokha. Amayi aang'ono sakananena, ndipo mlamu sakanadziwa. Anamvetseranso zifupizo. Anali mawu a apongozi, inde, koma oduka, osafika pomwe munthu amapuma n'kuyambanso. Mu uthenga wautali wokha uja ndi momwe munali iwo enieni, kukwera ndi kutsika kwa mawu awo, kuseka, ndi nyimbo.

Anaukopera pa hadi. Anatenga mafulashi awiri atsopano, n'kuyang'ana m'kati mwa iliyonse asanaifomate, ngakhale anali atangoichotsa m'pepala. Onse awiri anawafomata kukhala FAT32, poti mafayilo a mawu ndi aang'ono. Mauthengawo anawasintha kukhala mtundu womwe TV imawerenga, nawakopera monse muwiri, n'kutsegula umodziumodzi kuti amve ngati ukulira. Fulashi imodzi anakaisiya kwa amayi aang'ono pobweza foni.

Lamulungu masana banja lonse linakumana m'chipinda chochezera cha mlamu. Apongozi anali pa mpando wawo pafupi ndi zenera, dzanja lofooka lili pa pilo. Mwana wa Mayi Fulashi anakhala pansi, atatsamira miyendo ya agogo ake. Mlamu analandira fulashi osamuyang'ana Mayi Fulashi, n'kuilowetsa kuseri kwa TV. TV inailandira.

"Wafika?" anatero mawu a apongozi, kudzadza chipinda chonse.

Mwana anatembenuka kuyang'ana pakhomo, kenako agogo ake. Apongozi anatukula mutu. Zifupizifupi zinadutsa, ndipo wautali uja unayamba. Pofika pa "mkazi wake uja," mwamuna wa Mayi Fulashi anatambasula dzanja kufuna rimoti.

"Tadumphani umenewu."

"Usiyeni," anatero Mayi Fulashi.

Anakhala pa mpando wa pulasitiki, manja ali pa maondo, n'kumva zonse pamaso pa onse: phuma, masokosi, chinthu chachikulu chomwe adzataye. Mlamu anayesa kudzigwira, koma pa "ndivale pinki" kuseka kunamuphulika m'mphuno, n'kusanduka kulira, n'kubisa nkhope m'katani.

Uthenga unatha ndi funso lija, ngati foni ikujambulabe. Apongozi sanalankhule. Milomo yawo inali itayenda pang'ono pa mzere wa nyimbo uja, koma mwina kunali kunjenjemera chabe, palibe akanatsimikiza. Anatembenuza maso mpaka anamupeza mpongozi wawo, n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Mayi Fulashi sanathe kudziwa ngati akupepesa kapena akuti ndinanena ine.

Kenako anakweza dzanja lamanzere, n'kuloza TV, n'kuzunguza chala.

"Akuti mubwereze," anatero mlamu, akupukuta m'maso. Anatenga rimoti m'manja mwa mchimwene wake n'kuiponya pa miyendo ya Mayi Fulashi. "Bwerezani inuyo, alamu. Ndi nyimbo yanu."

Mayi Fulashi anayang'ana mabatani bwinobwino, n'kupeza loyenera, n'kudina.